Vaseline Blue Seal pa khungu louma: zimene ndaona pakati pa Ulongwe ndi Tete

Mwa mafuta onse odzola amene ali m'masitolo a ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene ndingauze munthu wa khungu louma kuti agule osakayika ndi Vaseline Blue Seal, uja wopanda fungo. Sakopa maso pa shelefu, sanunkhira maluwa, ndipo atsikana ambiri amati ndi mafuta a agogo. Koma pa ntchito yoteteza khungu kuti lisaume, sindinapeze wina womuposa pa mtengo umenewo. Ali ndi malire ake, ndipo ndiwatchula, chifukwa ena amamunyoza atamupatsa ntchito imene si yake.

Ine ndimachita geni ya kachewere. Ndimapikula kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Domwe, n'kukagulitsa ku Tete. Manja anga amakhala m'dothi, m'masaka ndi m'madzi tsiku lonse, ndipo thupi langa limalawa nyengo ziwiri zosiyana m'sabata imodzi. Kuno ku Angónia tili pamtunda, mamita opitirira 1,200, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukamaomba milomo imasweka, ana opita kusukulu m'mawa miyendo ili mbuu, moti ukakanda ndi chikhadabo pamatsala mzere woyera. Ukatsika pa chapa (minibasi) makilomita oposa 200 umafika ku Tete m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Kumeneko khungu limauma mwa njira ina: thukuta, kusamba ndi sopo kangapo patsiku, ndi fumbi la mumsewu wa ku Moatize.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti Vaseline sathira madzi pakhungu. Mwana wanga wamkulu, amene akuphunzira za unamwino ku Tete, ndiye anandifotokozera bwino tikuchezera pa mbaula. Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa kopyapyala ka maselo akufa omatidwa ndi mafuta a thupi lomwe. Kachikopa kameneka ndi kamene kamaletsa madzi a m'thupi kutuluka n'kupita mumphepo. Mafuta omatirawo akasukuluka, madzi amathawa, khungu limayamba kutuwa, kuyabwa, kenako kuthetheka. Zosukulula mafutawo timakhala nazo tsiku ndi tsiku: madzi otentha kwambiri, mphepo youma, ukalamba, ndipo koposa zonse sopo wochapira. Khungu mwachibadwa lili ndi asidi pang'ono, pH yake (muyezo wa asidi, umene umatsika asidi akamachuluka) ili cha m'ma 5, pamene sopo wamba wa mtanda ali pa 9 kapena 10. "Amayi," anatero, "Vaseline ndi chivundikiro cha mphika. Mumphika mukakhala mulibe madzi, ngakhale muvundikire bwanji simunyowa."

Ndiye nkhani yonse yagona pa nthawi yodzola. Munthu akasamba, n'kudzipukuta mpaka kuuma gwa, n'kuyamba wasesa kaye pabwalo, kudzadzola dzuwa litakwera, mafuta amangokhala pamwamba phuliphuli, pansi pake khungu lili louma chimodzimodzi. Pofika masana fumbi lakakamira ndipo mwini wake akuti mafutawa ndi achabe. Kudzola koyenera n'kwa pompopompo mukangotuluka kubafa, mutangodzigunda-gunda ndi thaulo, thupi lidakali lachinyezi. Mutape pang'ono, mutikite m'manja mpaka asungunuke, kenako mupake mopyapyala. Pang'ono pomwepo pamakwanira mwendo wonse. Ndikadzola motero usiku, ndimadzuka miyendo ili see, ndipo kuyabwa kwa m'misongolo kumene kumandivuta m'Julayi kumaleka.

Amayi ambiri kwathu kuno amasakaniza Vaseline ndi gilisalini, ndipo sanalakwe. Gilisalini amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, Vaseline amawatsekera. Kungoti ine sindiwathira m'botolo limodzi, chifukwa sagwirizana bwino, gilisalini amadzipatula n'kukhala madontho. Ndimadontheza gilisalini pang'ono pachikhatho chonyowa, kupaka, kenako Vaseline pamwamba. Gilisalini wosasungunula ndi madzi amamata kwambiri ndipo pakhungu losweka amaluma.

Pamene ndinaona mphamvu ya mafutawa ndi maso anga ndi pa mapazi a apongozi anga. Iwo ndi munthu wa kumunda ndi kudimba, nsapato amavala popita kutchalitchi basi. Chaka chilichonse nyengo yozizira zidendene zawo zimakhakhala, m'mbali mwake muli chikhungu chokhuthala choyera, ndipo ming'alu ina imalowa mkati mpaka kuonetsa kufiira. M'ming'alumo mumalowa dothi lakuda losachoka ndi madzi. M'mawa poponda pansi koyamba amaluma mano. Tinayamba kuwasamalira madzulo aliwonse titatha kudya. Ndimafunditsa madzi, osati otentha, amaviika mapazi m'beseni kanthawi kochepa, ndiye ine ndimagwada n'kukhula pang'onopang'ono ndi mwala chikhungu chakufacho, kupewa pamene pali bala. Ndikapukuta, ndimapaka Vaseline wambiri ndithu, kumukanikizira ndi chala m'ng'alu uliwonse, koma pakati pa zala za kuphazi ayi, chifukwa pamenepo pakakhala chinyezi pamabuka zilonda zoyabwa. Kenako masokosi a mwana wawo, n'kukagona. Poyamba ankakana, ati n'kuwononga mafuta pa mapazi oti mawa abwerera m'matope. Ming'alu ing'onoing'ono ndiyo inayamba kutsekeka, ikuluikulu inatenga nthawi, koma m'mbali mwake munafewa ndipo inasiya kung'ambika poyenda. Tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa phala anati, "ANaphiri, lero ndaponda pansi osamva kulasa." Kuchokera pamenepo kabotolo amasunga okha kumutu kwa mphasa.

Ndinene chilungamo pa zidendene zokhuthala kwambiri: Vaseline amafewetsa, koma sachotsa chikhungu. Pamenepo kirimu wokhala ndi urea, wa 10% mpaka 25%, amagwira msanga, chifukwa urea amasungunula chikhungu cholimbacho. Amapezeka m'masitolo a mankhwala a ku Tete, mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo pa mng'alu wotseguka amaluma. Amene angakwanitse agule, apake iyeyo pansi, Vaseline pamwamba. Amene sangakwanitse, mwala ndi kuleza mtima zimafikitsa pomwepo, mochedwerapo chabe.

Bambo a kunyumba kwanga ndi mmisiri womanga. Simenti yonyowa imadya khungu, zala zimasweka m'mfundo mpaka kulephera kupinda chibakera. Kudzola Vaseline usiku atasamba m'manja kwawathandiza kwambiri, koma aliyense wogwira simenti amve izi: mafuta salowa m'malo mwa magolovesi. Amene amapaka m'mawa n'kukakanda matope ndi manja, mchenga umakakamira pamafutapo n'kumapala khungu.

Botolo lenilenilo lili ndi khalidwe lake. M'Juni ku Ulongwe mafuta amalimba, chala chimangoterereka pamwamba, mpaka uyambe wafunditsa botolo m'manja kapena m'thumba la juzi. Botolo lomwelo ukalisiya m'chikwama pa chapa ya ku Tete mu Okutobala, umalipeza mafuta asungunuka, ndipo likagona cham'mbali amadontha pachivundikiro n'kudetsa kapulana (chitenje). Akazizira amagwirananso ndipo ntchito yake sisintha, koma banga la mafuta pansalu limavuta kuchapa. Poyenda ndimalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliimika.

Ku Tete komweko ndi kumene Vaseline amaonetsa malire ake. Masana ndikakhala pamsika wa Kwachena sindimudzola thupi lonse. Kutentha kuja ukadzimata mafuta olemera, thukuta limasowa potulukira, umamva kulemedwa, ndipo ana amatuluka nsungu za thukuta m'khosi ndi kumsana. Kumeneko ndimapaka milomo, zigongono ndi zidendene basi, kwinako loshoni wopepuka amakwana, Vaseline n'kudikira usiku. Achinyamata a nkhope ya mafuta ndi ziphuphu asamadzole kumaso, alibe naye ntchito. Komanso sateteza ku dzuwa ngakhale pang'ono. Izi ndikunenera makamaka makolo a ana achialubino, chifukwa ndinaonapo mayi akumata mwana wake Vaseline poganiza kuti akumutchinjiriza. Mwana wotero amafunika mafuta oteteza ku dzuwa enieni, chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, ndipo kuchipatala ndi kumene angakuuzeni kopezera mafutawo.

Pali zinthu ziwiri zoopsa zimene sizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabotolo. Choyamba ndi moto. Nyengo imene timadzola kwambiri ndi yomwenso timaunjikana pa mbaula ndi pa moto wa nkhuni. Nsalu imene yamwa mafuta otere, kaya ndi masokosi, bulangete kapena chitenje chogonera, imayaka msanga kuposa nsalu wamba, ndipo kuchapa sikuwachotsa onse. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza za ngozi imeneyi anthu ena atafa ndi moto wogwira zovala ndi zofunda zawo. N'chifukwa chake apongozi anga ndimawadzoza akamaliza kuotha, akulowa m'nyumba, ndipo kandulo imakhala kutali ndi pogona pawo. Kuotha moto pafupi kwambiri nakonso kumaumitsa misongolo n'kusiya mawanga akuda osachoka msanga. Chachiwiri n'cha akuluakulu: Vaseline, ndi mafuta ena alionse otere, amafooketsa kondomu ya labala mpaka kung'ambika. Asayandikire pamenepo. Ndiwonjezerepo kuti munthu akapsa ndi moto kapena phala, choyamba ndi madzi ozizira oyenda kwa nthawi ndithu, osati kuthamangira kumata mafuta pa bala lotentha.

Nanga poyerekeza ndi mafuta ena? Maloshoni onunkhira a m'mabotolo aatali ambiri mwa iwo ndi madzi. Amalowa msanga, amakoma kudzola, koma m'nyengo ya mwera pofika 10 koloko miyendo yayambanso kutuwa, ndipo fungo lomwe timalikondalo ndi limene limayabwitsa khungu la ana ena. Aqueous cream, uja woyera wa m'zitini zikuluzikulu, ndi wotchipa ndipo ambiri amamukonda, koma mitundu yake yambiri ili ndi sodium lauryl sulphate, mankhwala a m'gulu la sopo. Ndi wabwino kusambira m'malo mwa sopo n'kutsukuluza. Kumusiya pakhungu la mwana wodwala kale khungu kumatha kuwonjezera kuyabwa. Muziwerenga kuseri kwa chitini. Mafuta a nsatsi, amene agogo athu ankakazinga, kusinja ndi kuphika okha, ndimawalemekeza. Ndi olemera, amagwira ntchito yofanana ndithu, ndipo ku midzi ina akadalipo. Chimene chinawathamangitsa ndi fungo ndi ntchito yowayenga, osati kuti anali opanda mphamvu.

Amene amandiwawa mtima ndi mafuta oyeretsa khungu. Ndili ndi anzanga a geni amene anayamba ndi dandaulo laling'ono la kutuwa, wogulitsa wina n'kuwapatsa kachubu kopanda dzina lodziwika, ati khungu lisalala. Timachubu tambiri totere timakhala ndi hydroquinone, mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, ena mpaka mercury. Masabata oyamba nkhope imawala, kenako khungu limapyapyala, mitsempha kuonekera, masaya kupsa ndi dzuwa la ku Tete, mfundo za zala zili bii. Khungu lotero limauma kuposa poyamba, ndipo akafuna kusiya limayabwa koopsa, n'kubwereranso ku kachubu komweko. Vaseline sasintha mtundu wa munthu, ndipo kwa ine chimenecho ndi chimodzi mwa zabwino zake.

Tsono si khungu lililonse lokhakhala limene lili louma chabe, ndipo apa ndi pamene ndikufuna owerenga asamale. Apongozi anga aja, nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi n'kukhala mumsasa wa kumwera. Amasimba za matenda amene anagwira anthu ambiri mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu n'kumadya nsima yokhayokha. Khungu linkada n'kuthetheka pamene pamawomba dzuwa: kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi kuzungulira khosi. Ena ankatsegula m'mimba, ena mutu kusokonezeka. Ndi matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa vitamini ya niacin m'thupi, ndipo chaka chimenecho anagwira othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 18,000. Sanathe ayi. Chaka cha njala, banja likamadya chimanga chokha popanda mtedza, nyemba, nsomba kapena nyama, amabweranso, ndipo amakondanso anthu omwa kachasu kwambiri. Khungu lotero ungalimate Vaseline botolo lonse, silichira. Mankhwala ake ndi mapiritsi a kuchipatala ndi ndiwo za m'mbale.

Chimodzimodzi banga lotuwa kapena lofiirira limene ukalitsina mwini wake samva kanthu: limenelo likhoza kukhala khate, limene likadalipo m'dziko lathu, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Zipere zozungulira za m'mutu mwa ana ndi mphere zoyabwa usiku pakati pa zala zili ndi mankhwala akeake. Kuzimata mafuta n'kungozichedwetsa, kwinaku zikufalikira nyumba yonse. Munthu wa matenda a shuga asaseweretse mng'alu wa kuphazi, asaukhule ndi mwala kapena kuudula ndi lezala, apite akauonetse, chifukwa kabala kakang'ono kamatha kudyetsa phazi lonse. Ndipo kuyabwa thupi lonse kosatha, munthu akuwonda, n'chifukwa chokwanira chokayezetsa magazi. Mwana amene khungu lake limasweka kuseri kwa maondo ndi m'zigongono, kumadzikanda usiku mpaka magazi, Vaseline amamuthandiza kwambiri tsiku ndi tsiku, koma pakafiira n'kuyamba kuchucha madzi pafunika anamwino aone.

Za kugula. Mafutawa amachokera ku mafuta a pansi panthaka, omwe aja amatulutsa petulo ndi palafini. Robert Chesebrough anaona anthu okumba mafuta ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, mu 1859, akupaka pa mabala awo phula lokakamira pa zitsulo za mapampu. Anatha zaka akuphunzira kuliyenga mpaka analembetsa njira yake mu 1872, ndipo lero dzinali lili m'manja mwa kampani ya Unilever. Ndatchula mbiriyi chifukwa ubwino wonse wa mafutawa uli pa kuyengako. Oyengedwa bwino alibe fungo, alibe timibulu, ndipo khungu la anthu ambiri, ngakhale la makanda, silikangana nawo. M'misika mumapezeka mabotolo akale odzazidwanso ndi mafuta achikasu kwambiri onunkha palafini, ena amagulitsa motapa ndi supuni m'timapepala. Mnzanga wina anagulira khanda lake otere pamsika wina wa kumalire, khandalo linatuluka totupa thupi lonse. Musanalipire, onani ngati chivundikiro sichinatsegulidwepo, zolemba pabotolo zili zooneka bwino, ndipo mukatsegula nunkhizani. Pali makampani ena opanga mafuta a mtundu womwewu, otchedwa petroleum jelly, oyera bwino pa mtengo wotsikirapo, ndipo ena mwa iwo ndawagwiritsapo ntchito osaona vuto. Ndimabwerera ku Blue Seal chifukwa botolo lililonse lenileni limene ndagula lakhala lofanana ndi linzake.

Mtundu wake ulipo wosiyanasiyana, wina wa ana wonunkhira pang'ono, wina wa cocoa butter, wina wa aloe. Kwa khungu losweka kapena loyabwa tengani woyamba uja wopanda chowonjezera. Mabotolo alipo a 50 ml, 100 ml, 250 ml ndi 450 ml, ndipo lalikulu ndilo lotchipa mukawerengera bwino, ngakhale kutulutsa mametikali ake nthawi imodzi kumalemera. Mitengo imasiyana pakati pa Ulongwe, Tete ndi tsidya la Dedza malinga ndi mmene kwacha yakhalira mwezi umenewo, choncho amene amadutsa pa malire a Calómuè afunse mbali zonse ziwiri. Kunyumba kwathu la 250 ml limakhala pawindo la kubafa kuti aliyense adzole asanatuluke, laling'ono limayenda nane m'chikwama. Ngati wina m'nyumba ali ndi zilonda kapena zipere, mutapireni ake ndi supuni yoyera m'kambale kapadera, asamapise chala m'botolo la banja lonse.